Gule wa Anthu Awiri

Ife ndife anthu awiri, bambo ndi mayi. Timakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Timalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Sitinapite ku sukulu ya zovina. Koma caka ciliconse, anthu akatha kukolola, anyamata ndi atsikana amabwera pakhomo pathu. Amati: "Tiphunzitseni kuvina, ukwati wayandikira."

Kuno maukwati amaculuka m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Nkhokwe zimakhala zodzaza, mbatata yagulitsidwa, ndipo mvula sinayambe. Ena amamangitsa ukwati ku chalichi, ena ku Registo, ena kwa ankhoswe kumudzi. Lamulo la mabanja la mu 2004 linavomereza njira zitatu zonsezi. Koma kaya ukwati wamangidwa kuti, phwando limakhalapo. Ndipo masiku ano ambiri amafuna kuti pa phwandolo mkwati ndi mkwatibwi avine okha pakati pa anthu. Pa Cipwitikizi amati abertura da sala, ndiko kuti kutsegula bwalo la zovina. Eni ake ukwati akavina, ndi pamene alendo nao amadzuka.

Gule ameneyu si wa makolo athu. Angoni amene anakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe ali ndi ngoma yao. Amuna amaima pamzere, cishango kumanzere, cibonga kumanja, napondetsa phazi pansi mpaka fumbi libuke. Amayi ali ndi msindo, gule wa pa ukwati. Acewa ali ndi cintali. M'magule onsewa munthu amavina ndi thupi lake yekha, pakati pa anzake. Palibe mwamuna amene amagwira mkazi. Ndipo mkwatibwi wakale sanali kuvina konse. Anali kukhala pamphasa atazolika mutu, osaseka, osayang'ana munthu. Ovina anali ena.

Ife gule wa anthu awiri tinamuphunzira kwa amalume ao a bambo wa pakhomo pano. Amalumewo anali kuphikira Mpwitikizi wina wa sitolo, ufulu wa mu 1975 usanabwere, tauni yathu ikadali ndi dzina la Vila Coutinho. Azungu akacita phwando, iwo anali kunyamula mbale, maso ali pa mapazi a ovina. Usiku anali kuyeserera kuseri kwa khichini, atakumbatira tsace. Anali kuwerenga monga anamvera: um, dois, três.

Nkhondo itakula mu 1986, mabanja athu anathawira ku Malawi, m'boma la Dedza. Ife awiri tinadziwana kumeneko, pamzere wolandira ufa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Tinabwerera kwathu mu 1994, ndipo mu 1995 tinakwatirana. Amalume anati: "Mudzatsegula sala ngati anthu a m'tauni." Anatiphunzitsa madzulo atatu okha.

Tsikulo nyimbo inali pa kaseti, ndipo wailesi inali ya mabatire. Tili pakati pa bwalo, mabatire anayamba kutha. Nyimbo inayamba kukoka miyendo ngati ng'ombe yotopa pa ngolo. Ife tinasokonezeka. Bambo anaponda velo, ndipo velo inacoka kumutu kwa mayi n'kugwera m'fumbi. Anthu anaseka mpaka misozi. Amalume anatola veloyo, naikuntha, naibwezera pamutu mokhota. Ukwati wathu ulipo mpaka lero, ndipo nkhani ya velo ndiyo timayamba kuuza ana onse amene abwera kudzaphunzira.

Ambiri akamva amaseka, koma mumtima amati: "Izo zinali za kale. Ife zathu zidzayenda bwino."

Caka cina posacedwapa anabwera mwana wa anansi athu ndi bwenzi lake. Mnyamatayo amanyamula anthu pa njinga yamoto, kucoka ku Ulongwe kupita kumalire a Calomue. Mtsikanayo amathandiza amayi ake kudimba, nagulitsa kabichi ndi matimati kumsika. Anakhala pansi, tinalonjerana. Kenaka mnyamata anatulutsa foni.

Mu foni munali kanema wa ukwati wa ku Johannesburg, amene anzake anamutumizira pa WhatsApp. Mkwati wa suti yoyera anazunguza mkwatibwi katatu. Anamuweramitsa cagada mpaka tsitsi linatsala pang'ono kukhudza pansi. Pomaliza anamunyamula m'mwamba, nazungulira naye. Pansi panali utsi woyera, ndipo nyali zinali kuphethira.

"Ababa, ife tikufuna comweci," anatero mnyamata.

Ife sitinakane, ndipo sitinavomere. Tinafunsa kuti: "Ukwati uli liti?" Anati patsala milungu inai. Mayi anakacotsa kalendala pakhoma, ndipo tinayamba kuwerenga pamodzi.

Milungu inai ndi masiku 28. Koma mnyamata amaweruka kutada. Anati angathe kupeza mpata Lacitatu, Loweruka madzulo, ndi Lamulungu pambuyo pa mapemphero. Amenewo ndi masiku 12. Loweruka lomaliza ndilo tsiku la ukwati, ndiye tinacotsa limodzi. Tinacotsa lina la kwa telala. Tinacotsa lina la msonkhano wa ankhoswe. Tinacotsanso lina la maliro, pakuti sitinaonepo mwezi wathunthu wopanda maliro pamudzi. Anatsala masiku 8. Unali mwezi wa Julayi, ndipo inu mudziwa kuzizira kwa kuno dzuwa likangopendeka. Munthu sangavine panja kuposa theka la ola. Masiku 8 a theka la ola ndi maola 4.

Mnyamata anayang'ana kalendala nthawi yaitali. Iye anali kuganiza kuti ali ndi mwezi. Sanadziwe kuti ali ndi maola 4.

Tinawauzanso za kanemayo. Kanema amaonetsa tsiku limodzi, saonetsa miyezi imene anthuwo anayeserera. Saonetsa kugwa kwao. Wojambula amadula polakwika n'kusiya pabwino. Pansi pamene akuvinapo ndi posalala ngati galasi. Kunyamula munthu wamkulu wovala diresi lolemera ndi nchito ya anthu amene anazolowetsa msana ndi mikono yao. Munthu wongoyamba akayesa, akhoza kugwetsa mkazi wake pa simenti pamaso pa abale onse.

Mnyamata sanakondwe. Anati: "Ababa, ine ndimavina ngoma kuyambira ndili mwana. Sindine mlendo pabwalo."

Zinali zoona. Pa ngoma mnyamatayo sagonja kwa munthu. Mtsikana nayenso amatsogolera cintali kumudzi kwao. Koma ife taona kuti akatswiri otere ndiwo amavuta kuphunzitsa. Phazi la ngoma limakwera m'mwamba n'kugwa ndi mphamvu. Phazi la gule wa awiri limayenda pafupi ndi nthaka, mopepuka. Wovina ngoma amamvera nyimbo ndi mzere wa anzake. Wovina gule wa awiri amamveranso thupi la munthu wina limene lili m'manja mwake. Katswiri amadabwa kuti miyendo yake ikumukana, ndipo amapsa mtima msanga kuposa munthu amene sanavinepo.

Anafunsa ngati kuli bwino kuitana mphunzitsi wa zovina wa mumzinda wa Tete. Kucoka kuno kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200. Ndalama imene anawachulira, kuphatikiza ya ulendo, inali yokwana matumba awiri a feteleza. Tinati ndalama ndi yao, koma mphunzitsiyo sadzaonjezera masiku pa kalendala. Ndipo Novembala akadzafika, munda udzafuna feteleza. Anasiya maganizo amenewo.

Tsono tinafika pa nkhani ya nyimbo. Apa anthu ambiri amalakwa, ndipo tifuna kufotokoza bwino.

Mvetserani amayi akusinja. Akakhala awiri pa mtondo umodzi, misi imalira kawiri-kawiri. Akakhala atatu, imalira katatu-katatu. Valsa, gule amene amalume anaba ndi maso, ali ngati amayi atatu pa mtondo: kumenya koyamba n'kolemera, kuwiri kotsatira n'kopepuka. Gule ameneyu anachuka ku Vienna, m'dziko la Austria. Munthu ali ndi miyendo iwiri, koma valsa imawerenga katatu. Ndiye ukayamba ndi phazi lamanzere, ulendo waciwiri uyamba ndi lamanja, wacitatu lamanzere. Wongoyamba kumene amasokonezeka pamenepo.

Palinso msampha wina. Valsa ili mitundu iwiri. Ya ku Vienna imathamanga, imamenya pafupifupi ka 180 pa mphindi imodzi. Yodekha imamenya pafupifupi ka 90. Ambiri amasankha nyimbo yochuka ya Johann Strauss ya mu 1867, imene pa Cipwitikizi amati Danúbio Azul, cifukwa anaimva mu kanema. Nyimboyo imayamba pang'onopang'ono, ngati ikunyengerera munthu. Ikafika pakati imathamanga, ndipo akwati amatsala m'mbuyo ngati anthu othamangira basi.

Passada ndiyo ili ngati amayi awiri pa mtondo. Ndi mbale wake wa kizomba ya ku Angola, imene inakula m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene nyimbo za zouk za gulu la Kassav' zinali kumveka ponseponse. Makutu a ana a kuno anaizolowera, pakuti imalira m'misika ndi m'mabasi. Munthu amene amatha kuyenda angathe kuvina passada yodekha: mapazi awiri kumanzere, mapazi awiri kumanja. Ife timakonda valsa cifukwa ca amalume. Koma kwa anthu a maola 4 timasankha passada. Anawa anavomera, ngakhale mnyamata anati kunyamula kuja tisakuiwale.

Tsiku loyamba sitinaike nyimbo. Tinawauza kuti agwirane manja, ayende kucoka pa mtengo wa mapicesi kufika pa nkhokwe, n'kubwerera. Zinaoneka ngati zacibwana, koma zinawakanika. Mnyamata anali kutaya mapazi patali, mtsikana n'kumakokedwa. Tsono tinawauza kuti ayang'anane, dzanja la mnyamata likhale kumsana kwa mtsikana. Pamenepo mtsikana anazolika, naseka, nabisa nkhope. Ana a pamudzi anali atadzaza pampanda, akusuzumira. Tinawathamangitsa, ndipo kuyambira tsikulo tinali kuphunzirira kuseri kwa nyumba.

Ife timati mdani woyamba wa gule ameneyu ndi manyazi, miyendo imabwera pambuyo. Mwana wa kuno amakula akudziwa kuti mwamuna ndi mkazi sagwirana pagulu. Mkamwini akaona apongozi ake m'njira amapatuka. Lero tikumuuza kuti akumbatire mwana wao iwo akuona. Cinthu cimene munthu waphunzira zaka 20 sicicoka madzulo amodzi. Timawauza kuti asayang'ane pansi, pakuti woyang'ana mapazi ndiye amaponda mnzake. Ngati maso a mnzako akukucititsa manyazi, yang'ana paphewa pake.

Tsiku laciwiri anaombera m'manja motsata nyimbo, kufuna kupeza kumenya kolemera. Lacitatu ndi lacinai anaphunzira awiri kumanzere, awiri kumanja. Zinayamba kuoneka. Anapita kwao akuseka.

Tsiku lacisanu tinaonjezera kuzungulira kumodzi, ndipo zonse zinagwa.

Izi zimacitika kwa aliyense. Ukaika cinthu catsopano, cakale cimathawa. Munthu amene dzana anali kuvina bwino, lero sadziwa kumanzere ndi kumanja. Ife timadziwa kuti zimabwerera. Koma tsiku limenelo tinaiwala kuwacenjeza, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwathu. Mnyamata anali atatopa, atayenda maulendo ambiri a kumalire. Mtsikana atamuponda kacitatu, iye anamusiya dzanja nakuwa kuti: "Iwe, kodi sukumva? Udzandicititsa manyazi pamaso pa anzanga!"

Mtsikana sanayankhe. Anamanga citenje cake bwinobwino, anatitsazika mwaulemu, napita. Tsiku lotsatira la maphunziro sanabwere. Linzake sanabwerenso.

Nkhani inakula. Amayi ake a mtsikana anati: "Ngati akukalipira mwana wanga cifukwa ca gule, nanga tsiku limene ufa udzathe m'nyumba adzatani?" Funso limenelo silinali lopusa. Tinamva kuti akuganiza zoitana ankhoswe. Pamenepo n'kuti holo atalipira kale, nkhuku zitagulidwa, abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu atauzidwa tsiku. Ife sitinagone bwino, pakuti mkanganowo unabukira pakhomo pathu.

Tinagawana nchito. Bambo anaitana mnyamata. Mayi anapita kudimba kukapeza mtsikana.

Bambo sanalankhule zambiri. Anatengera mnyamata kuseri kwa nkhokwe nati: "Lero iwe ukhala mkazi, ine ndikutsogolera." Anamugwira, nayamba kuvina. Poyamba bambo anali kumuuza ndi dzanja la kumsana: akafuna kumanzere anali kukankha pang'ono, akafuna kuzungulira anali kukweza mkono nthawi ikadalipo. Mnyamata anatsata bwino. Kenaka bambo analeka dala kupereka zizindikiro, nangotembenuka mwadzidzidzi. Mnyamata anapunthwa, naponda bambo, natsala pang'ono kugwera m'khola la nkhuku.

"Walakwa ndani?" anafunsa bambo.

Mnyamata anakhala cete. Wotsata saona kumene akupita, ndipo nthawi zina amayenda cambuyo. Amadalira dzanja la mnzake. Dzanjalo likapanda kunena kanthu, iye angadziwe bwanji? Mnyamata anali kudziwa sitepe m'mutu mwake, ndipo anali kuganiza kuti mnzake akuidziwanso nthawi yomweyo.

Kudimba kunatuluka nkhani ina. Mayi anathandiza kuthirira kabichi, osafunsa kanthu. Atatha mizere iwiri, mtsikana anayamba kulankhula yekha. Anati: "Amama, kukalipako kunandipweteka. Koma cimene cikundisowetsa tulo ndi kunyamula kuja. Ababa anga adzakhala kutsogolo. Apongozi anga adzakhala pomwepo. Ine miyendo m'mwamba? Sindinafunepo. Ndinangovomera cifukwa iye anali wokondwa." Tsiku lililonse pamene anali kuphunzira, mtima wake unali pa tsiku limene tidzafike pa kunyamula. Ndi cifukwa cake thupi lake linali louma ngati mtengo.

Mnyamata naye anaulula zake. Anzake a njinga zamoto anamuuza kuti adzabwera ndi mafoni kudzajambula. Iye anali atawalonjeza kale kuti adzaona zimene sanaonepo ku Ulongwe.

Tinawakhazika pamodzi pakhonde. Mnyamata anapepesa, ndipo madzulo ake anapita ndi mkulu wake kukapepesanso kwa amayi a mtsikana. Tsono tinadula gule. Kunyamula kunacoka. Kuweramitsa cagada kunacoka. Kuzungulira katatu kunasanduka kamodzi. Panatsala zinthu izi: kulowa pabwalo atagwirana manja, kuima ndi kumvera nyimbo, awiri kumanzere ndi awiri kumanja, kuzungulira kumodzi, ndi kuweramira makolo a mbali zonse ziwiri pomaliza. Dzanja la mnyamata tinalikweza, licoke m'ciuno lifike pansi pa phewa. Pakati pao tinati pazitsala mpata woti licero lingalowe. Tinapemphanso ankhoswe kuti akauze makolo kuti kudzakhala gule wotere, kuti asadzadzidzimuke.

Mnyamata anati: "Koma ababa, zimenezi aliyense angathe." Bambo anati: "Tiye uzicite tione." Anayesa, ndipo analakwa kawiri. Onse awiri anaseka. Kanali koyamba kuti aseke pamodzi atalakwa.

Masiku anali atatha. Pa masiku 8 aja linatsala limodzi, ndiye tinaba mamawa awiri, mnyamata asanatulutse njinga. Nthawi imeneyo sitinaphunzitse sitepe yatsopano. Tinaigwiritsa nchito pa zinthu zimene anthu amaiwala.

Coyamba ndi nsapato. Mtsikana amene amayenda ndi patapata caka conse sangavale nsapato zazitali tsiku la ukwati n'kuvina. Tinamuuza kuti azizivala pophika ndi posesa m'nyumba. Za mnyamata zinali zatsopano, zoterera kunsi, ndiye anazikhula pang'ono pa mwala. Cina ndi diresi. Mkwati saloledwa kuliona tsiku lisanafike, tsono mayi anamanga nsalu ziwiri m'ciuno mwa mtsikana, yina ikukhwekhwereza pansi ngati mcira. Mnyamata anaiponda kanai. Kacisanu anaphunzira kusendeza phazi m'malo molikweza. Lacisanu madzulo anapita kuholo kukayesa simenti, pakuti pabwalo pathu ndi pa dothi. Anakaonananso ndi mnyamata woimba nyimbo, namuuza kuti nyimbo isapitirire mphindi ziwiri. Nyimbo ya mphindi zisanu ndi yaifupi kwa womvera, koma kwa anthu awiri amene ali okha pakati pa holo ndi ulendo wautali.

Cinthu comaliza cimene timaphunzitsa ndi kulakwa. Timawauza kuti: mudzalakwa ndithu, ndiye tiyeni tikonzekere. Mukasokonezeka, musathawe, musalozane zala, musayang'ane anthu. Imani pomwepo mutagwirana, muzingogwedezeka pang'ono. Dikirani kumenya kolemera, muyambenso. Tinawayesa kangapo. Mayi anali kuzimitsa nyimbo mwadzidzidzi, kapena kuwakankha pang'ono, kuti azolowere kuima ndi kuyambanso.

Tisaiwale za aperekezi. Iwo amakhala ndi masitepe ao olowera muholo, monga amacitira ku Malawi, ndipo amayeserera madzulo alionse kwa mwezi wathunthu. Ambiri ndi ana a sukulu. Alibe za holo, za nkhuku kapena za apongozi m'mutu mwao, ndipo sitepe amaigwira tsiku limodzi. Akwati akawaona amataya mtima. Ife timawauza kuti asapite kukaonerera. Palinso mipingo ina imene silola kuvina kotere pa ukwati. Ana a mipingo imeneyo timawabweza kuti akafunse akulu ao poyamba.

Tsiku la ukwati magetsi anazima masana, ndipo anayatsa jenereta. Itakwana nthawi yotsegula sala, mnyamata woimba nyimbo anayambira nyimbo pakati. Mkwati anadzidzimuka, nayamba ndi phazi lolakwika, naponda m'mphepete mwa diresi. Ife mitima inali m'mwamba. Koma anaima. Anagwedezeka pang'ono atagwirana. Tinaona milomo ya mkwatibwi ikuyenda, akuwerengera mwamuna wake monong'ona. Anayambanso. Awiri kumanzere, awiri kumanja. Mkwati anakweza mkono nthawi ikadalipo, ndipo mkwatibwi anazungulira bwinobwino, diresi likutambasuka.

Kuweramira makolo sikunacitike. Agogo ake a mkwati sanathe kudikira. Anaimba nthungululu, nalowa pabwalo ndi ndodo yao, akuvina msindo pa nyimbo ya passada. Padrinho ndi madrinha anatsatira. Wina anabwera ndi licero, ndipo pelekani-pelekani anayamba nthawi yake isanakwane. Abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu anali kuponya makwaca, a kuno mametikali. Bambo anali atayang'ana wochi: anawo anavina okha osakwana mphindi imodzi. Amayi ake a mkwatibwi anaphimba nkhope ndi citenje, koma mayi wa pakhomo pano, amene anakhala nao pafupi, akuti diso limodzi linali panja.

Anyamata a njinga zamoto anajambuladi. Kanemayo tinamuona patapita masiku. Muli misana ya anthu, ndodo ya agogo, ndi ndalama zikuuluka. Akwati amangooneka mitu yokha.

Mlungu wotsatira, Lacitatu madzulo, tinamva "Odi!" pakhomo. Anali mnyamata wina ndi mtsikana, ocokera cakufupi ndi Lifidzi. Anati anali pa ukwati uja. Tinawapatsa mphasa, tinalonjerana. Mnyamata anapisa dzanja m'thumba natulutsa foni. Mayi anadzuka kukacotsa kalendala pakhoma.